Denga la udzu lokolola mvula: mmene anamangira nyumba ya chikhalidwe ku Sinthian

Nyumba ya udzu imene tonse timaidziwa imamangidwa kuti ithamangitse mvula. Denga limasongoka pamwamba, madzi amatsetsereka mbali zonse n'kukagwera kutali ndi khoma. Ku Sinthian, mudzi wa anthu pafupifupi 700 m'chigawo cha Tambacounda kum'mawa kwa dziko la Senegal, kuli nyumba ya udzu imene denga lake limapindikira mkati. Mvula ikagwa madzi amasonkhana, amalowa m'ngalande, n'kukathera m'mathanki awiri. Nyumbayi ndi malo a zachikhalidwe ndi zaluso otchedwa Thread, ndipo inatsegulidwa mu Malichi 2015.

Ndasankha nyumba imeneyi chifukwa nkhani yomanga motengera chilengedwe yadzaza ndi zithunzi zonyenga maso. Pa intaneti pali nyumba zambiri zoumbidwa mofanana ndi tsamba, chigoba cha nkhono kapena chisa cha mbalame, zokutidwa ndi magalasi, koma mkati mwake makina oziziritsa mpweya akulira usana ndi usiku. Nyumba yotere yangobwereka nkhope ya chilengedwe. Mmisiri amene akufunadi kuphunzira kwa chilengedwe amayamba ndi mafunso ena: pamalo pano dzuwa limawomba mbali iti, mphepo imadzera kuti, mvula imagwa miyezi ingati, nanga dothi, udzu ndi mitengo ya pano zingapirire mpaka pati? Pali funso linanso limene ambiri amalizemba. Nyumbayo ikadzayamba kudontha adzaikonza ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera m'thumba la yani?

Kuchokera ku Dakar, likulu la Senegal, kukafika ku Sinthian ndi ulendo wa maola 7 kapena kuposerapo pagalimoto. Kumeneko kumatentha kwabasi. M'miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi kutentha kumadutsa madigiri 40 masana. Mvula imagwa kuyambira cha mu Juni mpaka mu Okutobala, kenako miyezi pafupifupi 8 kumakhala kuli gwa, ndipo mkati mwa chilimwecho mumawomba harmattan, mphepo youma yafumbi yochokera ku chipululu cha Sahara. Tambacounda ndi chimodzi mwa zigawo zosauka za Senegal, ndipo achinyamata ambiri a kumeneko amachoka kukayesa mwayi ku Ulaya kudzera njira zoopsa za m'chipululu ndi panyanja. Munthu akabwera kudera lotere n'kunena kuti akufuna kumanga nyumba ya zaluso, akuluakulu a m'mudzi ali ndi ufulu wonse womufunsa kuti zaluso zakezo azidya ndani.

Ndalama zinachokera ku bungwe la Josef and Anni Albers Foundation la ku America, limene limasamala ntchito za banja la akatswiri awiri a zaluso amene anathawa ku Germany mu 1933. Mayi Anni Albers anali katswiri woomba nsalu, ndipo dzina la malowa, Thread, limatanthauza ulusi, pokumbukira ntchito yawoyo. Mkulu wa bungweli, a Nicholas Fox Weber, anali atayambitsa kale bungwe lina lotchedwa Le Korsa, lothandiza zipatala ndi masukulu ku Senegal. Mapulani anajambulidwa ndi ofesi ya mayi Toshiko Mori, wobadwira ku Japan koma wogwira ntchito ku New York, amenenso ndi mphunzitsi wa zomangamanga ku yunivesite ya Harvard, ndipo anagwira ntchitoyi osalipiritsa. Koma munthu amene anagwira nkhaniyi pakhosi ndi Dr. Magueye Ba, dokotala wa chipatala chaching'ono cha ku Sinthian komweko. Iwowa ndi amene anthu a m'mudzi ankawakhulupirira, ndipo ndi amene anayang'anira ntchito yomanga. N'chifukwa chake nyumbayi inamangidwa pafupi ndi chipatalacho, pamalo pamene anthu ankapitapo kale.

Denga

Nzeru yopinditsa denga mkati si yochokera ku New York. Kum'mwera kwa Senegal, m'dera la Casamance, anthu a mtundu wa Diola akhala akumanga nyumba zozungulira zokolola mvula kuyambira kalekale, ndipo ku mudzi wa Enampore zilipo mpaka lero. Zipinda zimazungulira bwalo laling'ono lapakati, denga lamkati limatsetserekera pabwalopo ngati fanelo yothirira palafini m'botolo, ndipo madzi amagwera m'chosungira chimene chili pakati. Pabowo lomwelo ndi pamene pamalowera kuwala. Banja limatunga madzi osatuluka panja.

Chimene a Mori ndi anzawo anachita ndi kutambasula nzeru imeneyi kuti ikwane nyumba yaikulu, ya masikweya mita opitirira pang'ono 1,000. Denga la Thread ndi limodzi lokha, lalitali, lokwera ndi kutsika ngati mafunde. Lili ndi mabowo awiri aakulu obulungira motalika, ndipo pansi pa bowo lililonse pali bwalo lopanda denga. M'mbali mwa mabwalowa denga limagwada, madzi amatsikira pamenepo, ndipo ngalande zotsetsereka zimawanyamula kupita kumathanki. Kumapeto onse awiri a nyumbayi kuli zipinda zogona akatswiri a zaluso obwera kudzacheza. Pakati ponsepo ndi pabwalo pamthunzi, popanda chitseko.

Mapindikidwe a dengali anawerengedwa pa kompyuta, koma amene analimanga ndi amisiri a m'deralo, ndi nsungwi ndi udzu, pogwiritsa ntchito mamangidwe amene amawadziwa. Nsungwi ndiyo inatheketsa zimenezi. Thabwa lowongoka silingalole kupindika motero popanda kulicheka m'zidutswa, koma nsungwi imagonja ukaipinda, ndipo ukalumikiza zambiri mopingasa zimagawana katundu. Munthu akaima pansi pa dengali n'kuyang'ana m'mwamba amaona mizere ya nsungwi yolukanalukana, udzu utagona pamwamba pake. Palibe siling'i yobisa chilichonse. Pamene pathyoka pamaoneka tsiku lomwelo.

Tsopano tiwerengetse madzi, chifukwa apa ndi pamene anthu olemba za nyumbayi amakonda kukometsera. Lamulo lake ndi lapafupi: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, mwapeza lita imodzi. Dera la Tambacounda limalandira mamilimita 700 mpaka 800 pa chaka chabwinobwino. Denga la masikweya mita 1,000 ndiye lingakolole malita pafupifupi 750,000, ndipo chiwerengero chimene omanga anapereka n'chapafupi ndi chimenechi. Ananenanso kuti madziwo angakwane magawo 40 pa 100 alionse a madzi amene mudzi umagwiritsa ntchito pakhomo. Apa ine ndimakweza nsidze. Malita 750,000 mukawagawa kwa anthu 700 kwa chaka chathunthu, aliyense apeza malita atatu okha patsiku, kapena kuti ndowa imodzi ya malita 20 pa mlungu. Bungwe la WHO limawerengera malita 20 patsiku ngati mlingo wochepetsetsa wa munthu mmodzi. Komanso denga la udzu limamwa ena mwa madziwo, ndipo amene atsika amakhala ofiirira, onyamula fumbi ndi tizidutswa ta udzu. Kuti munthu amwe ayenera kusefedwa ndi kuthiridwa mankhwala.

Izi sizikutanthauza kuti mathankiwo ndi achabe. Phindu lake lili pa nthawi. Madzi a mu Ogasiti, pamene paliponse pali matope, alibe phindu kwenikweni. Madzi omwewo akasungidwa mpaka mu Febuluwale amasanduka ndiwo zamasamba. Ku Sinthian madziwa athandiza kwambiri pa ulimi wa m'dimba m'miyezi ya chilimwe, makamaka kwa magulu a amayi amene amaphunzira ulimi pamalo pomwepo. Nyumba ya zachikhalidwe imene ili ndi dimba pambali pake imakhala ndi anthu tsiku lililonse, kaya kuli gule kaya kulibe.

Kutentha kumagonja bwanji popanda magetsi

Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mwezi wa Okutobala akudziwa vuto lake. Lata ndi chitsulo chopyapyala. Dzuwa likaliwomba limatentha kupitirira madigiri 60, ndipo kutenthako kumatsikira pamutu pa munthu nthawi yomweyo. Udzu umachita mosiyana. Phesi lililonse la udzu lili ndi mphako, ndipo pakati pa phesi ndi phesi pali mpweya wosayenda. Mpweya wongokhala sudutsitsa kutentha msanga. Denga la udzu lofoleredwa mochindikala limapsa pamwamba, pansi pake pali pozizirira. Ndiponso mvula ikamagwa anthu amamvana polankhula, chinthu chofunika m'nyumba ya misonkhano ndi nyimbo.

Chachiwiri ndi kutalika kwa denga. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera m'mwamba. Denga likakhala lalitali ndiponso lili ndi potulukira, mpweya wotenthawo umachoka ndipo wina umalowa cham'munsi kudzatenga malo ake. Mabowo awiri aja amene amalowetsa mvula m'dzinja amagwira ntchito yotulutsa mpweya wotentha m'chilimwe. Ndipo poti pakati pa nyumbayi m'mbali ndi motseguka, kamphepo kalikonse kamadutsa. Mpweya woyenda suchepetsa madigiri kwenikweni, koma umaumitsa thukuta, ndipo thupi limamva kuzizira.

Chachitatu ndi makoma. Anamangidwa ndi njerwa zadothi zoumbidwa pamalo pomwepo ndi anthu a m'mudzi, n'kupakidwa zoyera kuti azibweza kuwala kwa dzuwa. Khoma ladothi lochindikala limachedwetsa kutentha. Dzuwa la masana limalowa m'khomalo pang'onopang'ono, ndipo pofika mkati papita maola angapo, kunja kwayamba kale kuzizira. Usiku khomalo limatulutsa kutentha kumene linasunga, m'mawa n'kuyambanso lili lozizira. Koma nzeru imeneyi ili ndi malire amene ambiri saawatchula: imagwira bwino kokha kumene usiku kumazizira kusiyana ndi masana, ndiponso pokhapokha mpweya wa usiku ukuloledwa kudutsa m'nyumbamo kuti uchotse kutenthako. Mukatseka mawindo onse usiku, khoma lomwelo limasanduka mbaula.

N'chifukwa chake mbali zina za makoma a Thread n'zoboolaboola. Pomanga ankasiya mipata pakati pa njerwa, mzere ndi mzere. Mipatayo imalowetsa mphepo, imaswa ukali wa dzuwa, ndipo imachepetsa liwiro la harmattan. Masana kuwala kumagwera pansi m'timadontho tambirimbiri, timene timasuntha dzuwa likamayenda. Pansi pakepo anayalapo zidutswa za matailosi osweka, zoikidwa chimodzichimodzi ndi manja. Palibe galasi lodula limene mwana angaswe ndi mpira.

Nyumba yonseyi inadya ndalama zosakwana madola 250,000 a ku America. Kwa munthu wa ku Sinthian ndi chuma chosasimbika, koma pa nyumba yaikulu chotere ndi ndalama zochepa. Chofunika kwambiri n'chakuti ndalamazo zinapita kuti. Nyumba ya zitsulo ndi magalasi imatumiza ndalama zambiri kwa ogulitsa katundu ku doko ndi kumafakitale akunja. Nyumba ya dothi, nsungwi ndi udzu imadya manja ambiri kuposa katundu wogula, kotero gawo lalikulu limatsala kwa omweta udzu, oumba njerwa ndi ofolera. Pa nkhani ya nyengo, kupanga simenti kumatulutsa magawo 7 mpaka 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse, choncho thumba lililonse limene lapewedwa lili ndi tanthauzo. Sikuti simenti ingapewedweretu. Maziko, ngalande ndi mathanki zimafuna chinthu chosasungunuka ndi madzi. Luso lagona pa kuika simenti pamene palibe china chingagwire, osati paliponse.

Njira zina ziwiri

Kuti tione bwino chimene Thread inachita, ndi bwino kuiyika pambali pa nyumba ina yotchuka ya mtundu womwewu, Tjibaou Cultural Centre ya ku Nouméa, pa chilumba cha New Caledonia m'nyanja ya Pacific. Inatsegulidwa mu 1998 pokumbukira a Jean-Marie Tjibaou, mtsogoleri wa anthu a mtundu wa Kanak amene ankamenyera ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa France ndipo anaphedwa mu 1989. Wojambula mapulani anali Renzo Piano wa ku Italy, ndipo ndalama zinachokera ku boma la France. Pali zinyumba 10 zosongokera kumwamba, zazitali kwambiri zofika mamita 28, zondandalikana pamzere wa mamita pafupifupi 250. Maonekedwe ake anatengedwa ku nyumba za mafumu a Chikanak, koma zinasiyidwa dala ngati zosamaliza, nthiti zake zikuloza kumwamba pakati pa mitengo ya paini yoonda imene imamera pachilumbapo.

Kumeneko ndi kunyanja, kwachinyezi, ndipo usiku sikuzizira mokwanira kuti khoma lochindikala lithandize. Piano anadalira mphepo. Zinyumbazo zinapereka msana wake wokhota kumene mphepo ya panyanja imachokera. Khoma lake ndi la magawo awiri okhala ndi mpata pakati, ndipo mphepo ikamadutsa pamwamba imakoka mpweya wotentha wa mkati kuti utuluke. M'munsi muli timawindo tamizere totseguka ndi kutsekeka malinga ndi mphamvu ya mphepo. Kunja kuli kanjira kodutsa m'zomera monga zilazi ndi koko, zodzalidwa motsatira nthano ya Chikanak ya Téâ Kanaké, munthu woyamba. Ndi ntchito yokongola, ndipo nzeru yake ya mphepo ndi yeniyeni. Koma matabwa ake ndi a mtengo wa iroko, umene kum'mawa kwa Africa umatchedwa mvule, ndipo anachita kuwoloka nyanja kuchokera ku Africa chifukwa sufumbwa msanga. Analumikizidwa ndi zitsulo zopangidwa mwapadera. Mmisiri wa m'mudzi wa Chikanak akhoza kuzindikira nyumba ya makolo ake m'maonekedwewo, koma sangaikonze ndi zida zimene ali nazo kwawo. Kwa ine pamenepa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu ndi Sinthian.

Chitsanzo china chili pafupi nafe, ngakhale si nyumba ya zachikhalidwe. Eastgate Centre ya ku Harare, nyumba ya masitolo ndi maofesi imene inamalizidwa mu 1996, inajambulidwa ndi Mick Pearce potengera chulu. Harare ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,500, ndipo usiku kumazizira. Usiku mafani amakoka mpweya wozizirawo kuti udutse m'mphako za konkire pansi pa maofesi, masana konkireyo imamwa kutentha, ndipo mpweya wotentha umatulukira m'machumuni apadenga. Magetsi amene imagwiritsa ntchito poziziritsa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi nyumba zinzake za makina. Choseketsa n'chakuti patapita zaka, ofufuza J. Scott Turner ndi Rupert Soar, ataphunzira chulu cha ku Namibia, anaonetsa kuti chulu sichigwira ntchito mmene anthu ankaganizira nthawi imeneyo. Ntchito yake yaikulu ndi yosinthanitsa mpweya wabwino ndi woipa, mofanana ndi mapapo, osati kusunga kutentha pamlingo umodzi. Nyumba ya Pearce ikugwirabe ntchito bwinobwino. Chimene chinaipulumutsa n'chakuti pansi pa nthano ya chiswe panali masamu olondola a nyengo ya ku Harare.

Ngongole ya udzu

Tibwerere ku Sinthian, chifukwa nyumba ya zipangizo zachilengedwe ili ndi ngongole yake, ndipo amaibweza chaka ndi chaka.

Ofolera amadziwa kuti denga la udzu limafuna kutsetsereka kwambiri, madigiri 45 kapena kuposa, kuti dontho la mvula lidumphe kuchoka pa phesi kupita pa phesi osalowa mkati. Denga likagona, madzi amachedwa, udzu umanyowa mpaka pakati n'kuyamba kuola. Ndiye taganizirani denga limene lapangidwa dala kuti lisonkhanitse madzi. Pamene pamakumana madzi ambiri ndi pamene udzu umatha msanga. Denga lotere silingasiyidwe zaka zambiri osakwerapo munthu. Pamafunika kuphatika pamene paonda chilimwe chilichonse, ndi kufolera mwatsopano pakapita zaka zingapo. Udzu wofolera nyumba yaikulu chotere ndi mitolo yosawerengeka, ndipo uyenera kumwetedwa utakhwima, moto wa tchire usanaudutse.

Nsungwi nayo ili ndi adani ake. Mkati mwake muli chakudya chotsekemera chimene anankafumbwe amachikonda. Yodulidwa yanthete, kapena yodulidwa m'nyengo ya mvula, imayamba kutuluka ufa chaka chisanathe. Odziwa amadula yokhwima, ya zaka zitatu mpaka zisanu, m'chilimwe, kenako amaiviika m'madzi milungu ingapo kapena m'mankhwala a boraki, n'kuiumitsa pamthunzi. Isakhudze dothi, apo ayi chiswe chaipeza. Khoma ladothi mdani wake ndi madzi: limafuna maziko okwera kuti madzi othamanga asalinyambite kumapazi, ndi khonde lotambalala kuti mvula ya mphepo isalimenye. Pali moto, umene pa denga la udzu suchedwa. Palinso udzudzu, ngati madzi osungidwa sanavundikiridwe.

Munthu angafunse kuti ngati mavuto ndi ochuluka chonchi, bwanji osangokhoma malata? Yankho langa n'lakuti nyumba iliyonse imafuna kukonzedwa, kusiyana kwake ndi mtundu wa ngongoleyo. Makina oziziritsa mpweya akafa, mudzi umadikira mmisiri wochokera mumzinda ndi chipangizo chochokera kunja, ndipo kawirikawiri makinawo amangokhala pakhoma ngati chokongoletsa. Denga la udzu likaonda, wokonza ali m'mudzi momwemo, udzu uli kutchire. Koma tisanamizane, wofolerayo sagwira ntchito yaulere, ndipo ku Thread kuli bungwe la kunja limene likupitiriza kulipira antchito ndi kusamala malowo. Gulu lililonse limene likuganiza zomanga motere liyambe lagwirizana za thumba lokonzetsera, lisanaumbe njerwa yoyamba.

Pali vuto linanso limene si la sayansi. M'madera ambiri a mu Africa udzu ndi chizindikiro cha umphawi. Ku Malawi kuno munthu akakhoma malata timati watukuka, ndipo boma linafika poyambitsa pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo mu 2014. Maganizo amenewa sanangochokera m'mutu: amene wakhala akudzuka usiku kusuntha mphasa chifukwa denga likudontha ali ndi chifukwa chomveka chodana ndi udzu. Koma nthawi yomweyo mauvuni a njerwa adya nkhalango zathu, mpaka mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Apa ndi pamene nyumba ya gulu ili ndi mphamvu imene nyumba ya munthu mmodzi ilibe. Anthu akaona nyumba yolemekezeka kwambiri m'dera lawo, imene alendo amabwera kudzaijambula, itamangidwa ndi njerwa zosaotcha ndi udzu wofoleredwa mwaluso, nkhani ya zipangizozi imayamba kukambidwa mwina. Njerwa za dothi lopanikizidwa ndi makina a pamanja, zothira simenti pang'ono ndi kuumitsidwa pamthunzi kwa milungu inayi, sizifanana ndi zidina zoumbidwa mwachangu m'chikombole n'kusiyidwa padzuwa, koma munthu sakhulupirira kusiyanako mpaka atagogoda khomalo ndi dzanja lake.

Nanga chikhalidwe chili pati m'zonsezi? Ku Thread mulibe makabati a magalasi osungiramo zinthu zakale. Akatswiri ojambula, oimba, ovina, olemba ndi oluka, a ku Senegal ndi akunja, amabwera kudzakhala milungu ingapo m'zipinda za kumapeto zija. Koma masiku ambiri pabwalo lapakati pamakhala misonkhano ya m'mudzi, maphunziro a ulimi, magule, malonda, ndi ana amene apeza mthunzi wosewerera. Deralo lili ndi mitundu yambiri ya anthu ya zilankhulo zosiyana, ndipo malo amene si a banja limodzi, si a chipembedzo chimodzi, ndiponso alibe chitseko choti wina asunge kiyi, amalola onse kulowa osapempha. Ojambula mapulani akanadula bwalolo m'zipinda, chipinda cha nyimbo apa, cha misonkhano apo, theka la nyumbayo likanakhala lokhoma nthawi zambiri, ndiponso mphepo ikanasowa podutsa. Kusiya pakati potseguka kunathetsa nkhani ya kutentha ndi ya umwini nthawi imodzi.

Nyumbayi inalowa m'gulu la zosankhidwa pa mpikisano wa zomangamanga wa Aga Khan Award for Architecture mu 2016, koma umboni wabwino ndi zimene zinamangidwa pambuyo pake. Mu 2019 a Mori ndi bungwe la Le Korsa anatsegula sukulu m'mudzi wa Fass, yobulungira, ya njerwa zadothi, nsungwi ndi udzu, yokwana ana pafupifupi 300, bwalo lili pakati. Kenako mabungwe a Albers Foundation ndi Le Korsa anakulitsa chipatala chachikulu cha Tambacounda pomanga mbali ya amayi oyembekezera ndi ana, imene inajambulidwa ndi Manuel Herz wa ku Switzerland ndipo inamalizidwa mu 2021. Kumeneko sanafolere udzu, chifukwa chipatala chili ndi zofuna zake. Anatenga nzeru ya khoma loboola ndi nyumba yopyapyala, ya mamita 7 okha m'lifupi, kuti mphepo izidutsa chipinda chilichonse.

Womanga wake anali Dr. Magueye Ba yemwe uja. Herz atapempha kuti amange kachigawo ka khoma koyesera, kuti aone ngati njerwa zoboolazo zikulowetsa mphepo ndi kutchinga dzuwa mokwanira, dokotalayo sanafune kuononga njerwa pa khoma loti lidzagwetsedwa. Anakalimanga kumudzi wa Makabing Sidi kumene kunkafunika kalasi, anawonjezera makoma ena atatu ndi denga, ndipo ana anayamba kuphunziramo chipatalacho chisanathe.